Mmene Ndinabisira Dzanja la Chipeso

Mdzukulu wanga anthu amamudziwa ndi dzina loti Chipeso. Dzina la m'kaundula lilipo, koma ngakhale mayi ake sindikhulupirira kuti akukumbuka tsiku limene analitchula komaliza. Ali ndi zaka zinayi ankayenda ndi chipeso chofiira atachisomeka m'tsitsi, kugona nacho, kusamba nacho, ndipo ukangoyerekeza kumulanda ankalira mpaka oyandikana nafe kubwera kudzafunsa chimene chagwa. Mayi ake, mwana wanga wachiwiri, anapita kukagwira ntchito kutali mwanayu asanayambe sukulu, ndiye wolera ndinakhala ine. Ndikati kulera ndikutanthauza zonse: chikuku, kugweluka mano, yunifolomu, ndi mphunzitsi uja amene anamumenya ndi rula pazala, amene ndinamupitira mpaka mu ofesi ya ahedi. Sanabwerezenso.

Kuluka sanatengere ine. Ine ndinakalambira pa ayironi, kuchapa ndi kusita zofunda za m'nyumba yogona alendo, ndipo tsitsi langa linali la mumpango basi. Iyeyu anayambira pa mopu. Tsiku lina ndikufuna kukolopa ndinapeza mopu yonse italukidwa timizere tating'ono, tofanana ngati wachita kuyeza. Ndinamukalipira, kenako ndinainyamula mopuyo kukaonetsa anzanga kuntchito. Pofika zaka khumi anali akuluka kale atsikana a m'kalasi mwake pa nthawi yopuma. Atamaliza sukulu, Madamu, mwini saluni ya pamsewu wathu, anachita kubwera yekha kudzamupempha kwa ine.

Saluniyo ndi chipinda chimodzi chachitali: magalasi atatu, mipando inayi, benchi yodikirira, ndi sinki yotsukira mitu kumapeto, pakona pamene sipafika dzuwa. Mpando wa Chipeso unali woyamba, wapakhomo penipeni. Madamu anauika dala pamenepo kuti odutsa azionera zala zake, ndipo ankaimadi, ena majumbo ali m'manja. Ankaluka akucheza, maso ali kumsewu, zala zikudziyendera zokha. Mzere wake ungaugonere mwezi wathunthu sunkasokonekera, komanso sunkakoka khungu moti mayi n'kumayenda nsidze zili m'mwamba ngati wodabwa. Pakamwa pake ndiye panalibe buleki. Mayi akabwera ndi chithunzi cha pafoni n'kunena kuti akufuna chimodzimodzi, iye ankati, "Tsitsilo ndiluka, mayi, koma nkhopeyo mukaipeze nokha." Ankaseka, mwezi wotsatira n'kubweranso. Zaka zisanu ndi zitatu anaima kuseri kwa mpando umenewo.

Tsopano ndinene za nyumba yathu, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Timakhala kuseri kwa mashopu, zipinda ziwiri. Zenera ndi limodzi, ndipo limayang'ana khoma la shopu ya zitsulo, loti ukatambasula mkono ulikhudza. Potulukira ndi pamodzi: kanjira kopanikiza pakati pa makoma awiri, koti anthu awiri sangadutsane osasisitana mapewa. Kanjirako kamakakutulutsira pamsewu moyang'anizana ndi khomo la saluni, ndipo siteji ya minibasi ili pomwepo. Munthu sungachoke kwathu osaonedwa ndi mitu inayi ya pagalasi ndi ina isanu ya pabenchi.

Lamlungu lina masana Chipeso anakwera pampando kuti apachike katani imene ndinachapa. Mwendo wa mpandowo unali wogwedera kuyambira kale, ndinkangoti ndiitana kalipentala, ndiitana kalipentala. Anagwera dzanja lamanja. Sanalire. Analiyang'ana litapindika pamalo pamene dzanja silipindikira, n'kunena kuti, "Agogo, ili si langa."

Kuchipatala anajambula, anati fupa lathyoka pamwamba pang'ono pa chikhatho, pamene pamakhala wotchi. Anakoka, anawongola, anaika chikhakha kuyambira m'munsi mwa zala mpaka kufupi ndi chigongono. Anati masabata asanu ndi limodzi. Tinabwerera madzulo a tsiku lomwelo, saluni ili yotseka poti linali Lamlungu, ndipo palibe anationa tikulowa. Mpamene maganizo obisa dzanjalo anandibwerera.

Makasitomala a tsitsi ndimawadziwa, ndakhala pabenchi ija zaka zambiri kudikira mdzukulu wanga aweruke. Ndi anthu amantha. Kunali mayi wina woluka bwino kufupi ndi msika amene anapsa dzanja ndi mafuta. Anachira, koma mbiri inali itayenda kale yoti dzanja lake limanjenjemera, ndipo anathera kugulitsa majumbo. Mkazi akangomva kuti dzanja la womuluka linavulalapo, mzere uliwonse amauona wokhota, ngakhale utawongoka ngati chingwe. Ndiye Lolemba m'mawa ndinaitana Madamu, ndinatseka chitseko, ndinati, "Aliyense wofunsa mumuuze kuti Chipeso wapita kwa mayi ake. Abwera mwezi wamawa ukamatha."

"Agogo, bodza limeneli ndi lolemera," anatero Madamu. "Nanga akamuona?"

"Samuona. Satuluka."

Chipeso anali chigonere pabedi, chikhakha chili pachifuwa. Anayang'ana kudenga, anayang'ana khoma la pazenera, n'kuti, "Koma kunoko kwa amayi kwafanana ndi kwathu bwanji."

Anaseka, koma sanakane. Nayenso nkhani ya mayi wa majumbo uja ankaidziwa, ndipo ine sanazolowere kunditsutsa pa zinthu zazikulu. Tinauza munthu mmodzi yekha wowonjezera, Amake Mapasa, amene timagawana nawo mpopi ndi bafa. Amenewo ndinachita kuwalumbiritsa.

Masabata asanu ndi limodzi m'zipinda ziwiri ndi ambiri kuposa mmene amamvekera pakamwa pa dokotala. Kukamwa kwa kanjira sankafikako. Foni ikaitana sankayankha, chifukwa makina odulira zitsulo a kuseri kwa khoma amalira tsiku lonse, ndipo kasitomala aliyense wa msewu uno amawadziwa kulira kwake. Ankangolemba mauthenga ndi chala chakumanzere: kuno kuli bwino, ndibwera posachedwa. Dzuwa limalowa pakati pa nyumba yathu ndi khoma lija chakumasana, osakwana ola limodzi, ndipo ankakokera mpando pamenepo kuti limuwombe m'miyendo. Za ku saluni ankazitsatira ndi makutu. Choumitsira tsitsi chikayamba kulira ankadziwa kuti ndi mpando wachitatu. Akamva kuseka kwina ankati, "Ameneyo ndi mayi wa kubanki uja. Wanga ameneyo. Kaya amupatsa ndani."

Ine ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinkamusambitsa, kumuveka, kumupesa, kumudulira chakudya tizidutswa ngati wa zaka ziwiri. Nesi anali atanena kuti zala zimene zatulukira kunja kwa chikhakha aziziyendetsa tsiku ndi tsiku. Ine ndinati nesiyo ndi mwana, fupa lothyoka limafuna mtendere. Ndinasoka kathumba ka tawulo lakale, kofewa, kokhala ndi lamba wa m'khosi, ndipo dzanja linkakhala mmenemo ngati dzira. Ndikamuona akugwedeza chala ndinkati, "Iwe, lisiye lipume."

Tsiku lochotsa chikhakha tinatuluka mashopu asanatsegule, iye atafunda mpango wanga kumutu ngati nkhalamba inzanga. Atadula chikhakhacho panatuluka kadzanja kowonda, kotuwa, khungu likusupuka, zala zitapindika theka ngati zagwira kapu yosaoneka. Anajambulanso, anati fupa lalumikizana bwino, ndipo anatilozera kuchipinda cha mafizo, kumene amaphunzitsa ziwalo kuyambiranso ntchito.

Chipindacho sindinachikonde. Munali mabedi aatali a chikopa, zitsulo ziwiri zogwirira poyenda, njinga yopalasa osapita kulikonse, chingwe cholendewera kudenga, beseni la madzi ofunda, ndi bokosi la mapegi ndi timipira. Ndinati mumtima, amenewa akusewera. Wotilandira anali bambo wamfupi wa mutu wosalala ngati bondo. Chipeso anawatcha Adazi tisanakhale n'komwe pansi, ndipo dzinalo linakanirira.

"Ntchito yanu ndi chiyani, asisi?" anafunsa.

"Ndimaluka tsitsi."

Anadzisisita pamutu. "Ndiye ine pampando wanu simudzandionapo."

"Mudzabwere, ndidzakupukutani ndi kansalu muziwala bwino."

Anamuuza kuti afumbate. Anafumbata mmene akanathera, nkhope itakwinyika, koma zala zinangosuntha pang'ono. Adazi anatenga karula n'kuyeza kuchokera kunsonga ya chala kukafika pachikhatho. Masentimita asanu ndi limodzi. Analemba pakhadi. Kenako anaviika dzanjalo m'madzi ofunda, analitulutsa, anagwira chala cholozera n'kuyamba kuchipinda pang'onopang'ono. Mwana amene sanalire tsiku lothyoka uja anakuwa mpaka wa panjinga anasiya kupalasa. Ndinaimirira.

"Bambo, mukumuthyolanso."

"Agogo, khalani pansi. Fupa lagwira, limenelo musaderenso nalo nkhawa. Vuto ndi mitsempha yokoka zala. Yakhala malo amodzi nthawi yaitali, yayamba kumatirira. Tikaiyendetsa panopa imasuka. Tikaisiya iumira momwemo, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi, ine ndi manja angawa sindingaibwezenso yonse."

Anati azibwera katatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, teni koloko. Anatipatsanso pepala la zithunzi za manja, zoti azichita kunyumba maola awiri alionse. Pa zonse zimene ananena, ine chimene chinandilowa ndi teni koloko. Teni koloko saluni imakhala itadzaza mpaka ena kuimirira pakhomo. Ndinapempha nthawi ya m'mamawa, anati m'mamawa ndi wa odwala ogonekedwa. Tsiku limenelo tinakhala pabenchi ya chipatala mpaka dzuwa kupendeka, kudikira Madamu atseke.

Kunyumba ndinati, "Pepala tili nalo. Madzi tili nawo, mapegi ali pachingwe. Chimene akuchita Adaziwo n'chiyani choti ife sitingachite? Masabata awiri okha, dzanja lioneke ngati dzanja, kenako ubwere kuchokera kwa mayi ako."

"Anati katatu pa sabata, agogo."

"Ukatuluke ndi kadzanja kameneko pamaso pa mayi wa kubanki? Zaka zisanu ndi zitatu zithere pa tsiku limodzi?"

Anatenga pepala la zithunzi lija.

Ndisamunamizire, anayesa. Ankaviika dzanja m'beseni, kuliika patebulo, n'kumakankha chala ndi dzanja lamanzere monga mwa chithunzi. Thukuta linkatsika m'khosi. Ululu ukafika ankaluma pilo kuti phokoso lisatuluke m'kanjira. Ine ndinkaima pambali, ndipo ndinkapirira mphindi ziwiri, zitatu. Munthu amene unamuchotsa minga kuphazi ali mwana, sungamuonerere akudzipweteka yekha iwe manja ali lende. Ndinkamulanda dzanjalo, kulidzoza mafuta, kulisisita pamwamba pokha pamene sipawawa, n'kulibwezera m'kathumba. "Zakwana, mwana wanga. Mawa."

Masabata awiri anakhala anayi, anayi anakhala asanu ndi awiri. Bodza nalo linafuna kudyetsedwa. Ndikamadutsa pa saluni ndi ndowa ya zinyalala ankandiitana, "Agogo, Achipeso abwera liti?" Poyamba ndinati mayi ake adwala, akuwasamalira. Mwana wanga wa kutali uja sakudziwa mpaka lero kuti ndinamugoneka m'chipatala ndi pakamwa panga. Kenako ndinati wapeza kosi ya masitayilo atsopano. Amayi aja ankasangalala, ankati abwere nazo msanga. Ine ndinkangobwerera m'kanjira.

M'nyumba nthabwala zinatha. Dzuwa la masana lija linkabwera n'kupita, mpando osakokedwa. Ankagona atayang'ana kukhoma, ndipo akamva kuseka kwa ku saluni sankatchulanso mwini wake.

Madamu anabwera Lolemba lina masana, tawulo lili paphewa. Sanafune kukhala pansi.

"Mpando uja ndausunga miyezi itatu. Pali mtsikana wina akufuna malo, ndipo amatha. Mwezi uno ukatha ndimupatsa, pokhapokha ndione kanthu. Chipeso, ndionetse dzanja."

Analitulutsa m'kathumba. Madamu anasolola chipeso m'thumba la epuloni n'kuchiika pakati pa zala zija. Chinakhala kanthawi, kenako chinagwa pansi. Madamu anachitola, anachipukuta pa epuloni, anatuluka. Ndinamutsatira m'kanjira ndipo ndinamuuza zonse: ndani anadzadza benchi yake, ndani ankaima mpaka miyendo kutupa pa nyengo ya maukwati, ndani anapangitsa kuti saluni yake idziwike. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Zonsezo n'zoona, agogo," anatero. "Koma amene wamutsekera m'nyumba si ine."

M'mawa mwake foni yanga inaitana. Foni yanga ndi ya mabatani, imalankhula mokweza moti wa m'chipinda china amamva zonse. Anali Adazi. Nambala yanga ndi imene inali pakhadi.

"Agogo, ndikuona khadi la mdzukulu wanu lili ndi mzere umodzi wokha. Munasamukira chipatala china?"

Ndinayankha osaganiza n'komwe, pakamwa panali patazolowera. "Ali kwa mayi ake."

Chipeso anali atakhala pabedi, mapazi ake atatsala pang'ono kukhudza anga. Anandiyang'ana mmene sanandiyang'anepo chibadwire. Anatambasula dzanja lamanzere, ndipo ndinamupatsa foniyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Bambo, ndi ine. Ndili pano. Ndakhala ndili pano nthawi yonseyi. Mawa teni koloko ndikupezani."

Lachitatu limenelo anavala yekha. Mabatani a bulauzi anamutengera theka la ola, ndipo nditasendera anati, "Musandikhudze." Kathumba anakasiya pabedi. Mpango sanautenge.

"Bola uvale juzi ya manja aatali," ndinatero.

"Kukutentha."

"Chipeso, anthu aja akaona..."

"Agogo, inu mukhoza kutsala kwa amayi. Ine ndikupita kuchipatala."

Ndinavala nsapato. Wanga sayenda yekha pamaso pa anthu, ngakhale atandinyoza.

Kanjira kaja ndi masitepe makumi awiri. Iye patsogolo, ine pambuyo, poti sitingayende mogundizana. Titatulukira pamsewu anatsinzina chifukwa cha dzuwa, ndipo mpamene ndinaona mmene anayezukira. Mu saluni mitu yonse inatembenuka. Wina anazimitsa choumitsira.

"Aa, Achipeso," anatero mayi wina wa pabenchi, tsitsi lili theka lomasula. "Mwafika liti? Mwationjezera masitayilo?"

"Sindinapite kulikonse, mayi. Ndinathyoka dzanja, ndiye agogo anandisunga m'kabati." Analikweza m'mwamba kuti aliyense alione.

Ena anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zake zija. Kenako analiona bwinobwino dzanjalo, kuseka kunazima. Mayi wa kubanki anali pampando wachiwiri. Anayang'ana zala zija, kenako anakweza dzanja lake n'kudzigwira tsitsi, ngati akuliteteza ku mvula. Ndinaona ndi maso angawa. Chimene ndinkaopa chija chinalipodi, sindinachipeke. Kungoti ndinachiopa kuposa chinthu china chimene chinali choopsa kwambiri.

Minibasi inachedwa. Tinaima pa siteji misana yathu ili ku saluni, ndikumva maso akundiboola m'khosi. Wina anafuula kuchokera mkati, "Agogo, nanga mayi ake odwala aja ali bwanji?" Sindinatembenuke. Ndinati, "Achira."

Adazi anayeza. Masentimita asanu ndi awiri. Dzanja linali litabwerera m'mbuyo. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho, koma anangolemba pakhadi n'kundilozera mpando wa pakona.

"Agogo, ndikupatsani ntchito imodzi. Khalani apo, manja anu muwakhalire."

Ndinaganiza kuti akungonena. Anaima kudikira mpaka ndinaika zikhatho pansi pa ntchafu. Ndinakhala choncho ola lathunthu, mdzukulu wanga akulira mayo patebulo, ine ndikuyang'ana wotchi ya pakhoma. Ndinakhala choncho katatu pa sabata kwa miyezi inayi.

Bambo amene uja ntchito yake amaidziwa, ndivomere. Sankathamanga. Ankayamba ndi madzi ofunda, kenako mfundo imodzi ya chala chimodzi, kupinda mpaka pamene yakana, kugwira pomwepo akuwerenga mpaka makumi atatu, kusiya, kubwereza. Ululu ukakula ankayambitsa mkangano dala.

"Asisi, ndamva kuti oluka inu mumakoka tsitsi la anthu mpaka kulira. Lero mwakumana nazo."

"Ife timakoka munthu n'kutuluka wokongola. Inu mumakoka munthu n'kutuluka akutukwana."

"Tukwanani, koma chalacho musabweze. Khumi ndi zisanu, khumi ndi zisanu ndi chimodzi..."

Anamupangira kachipangizo ka pulasitiki kokhala ndi timalamba tokoka zala kuti zizikhala zopinda akapuma. Anamutolesa mapegi, kenako mabatani, kenako mapini. Tsiku lina anati, "Ndionetseni mmene zala zimayendera poluka, ine sindidziwa." Anamangirira zingwe zitatu zonenepa kuchitsulo cha bedi. Chipeso anaziyang'ana nthawi yaitali asanazigwire. Luko loyamba linatuluka ngati chingwe chomangira katundu. Zingwe zija zinkacheperachepera sabata ndi sabata, mpaka anafika pa ulusi wa juzi, kenako pa meshi yeniyeni yolukira tsitsi imene Madamu anatumiza.

Kunyumba anaika lamulo lake. Nthawi ya mafizo ikakwana, ine ndizituluka. Ndinkakakhala pakhomo pa Amake Mapasa, koma khoma lathu ndi lopyapyala, ndipo iye anali atasiya kuluma pilo uja. Amake Mapasa ankakweza wailesi. Sizinkathandiza.

Masentimita ankatsika mwaulesi: asanu, anayi ndi theka, anayi, sabata ina osasuntha n'komwe. Mwezi uja unatha, ndipo mpando wapakhomo anaupereka kwa mtsikana watsopano. Tinkamudutsa katatu pa sabata popita ku siteji. Chipeso ankamupatsa moni. Ine ayi.

Tsiku loyeza komaliza, chala chachikulu, cholozera ndi chapakati zinafika pachikhatho. Cha mphete chinatsala masentimita awiri, kakang'ono atatu. Dzanja lenilenilo linkapindika theka la mmene limapindikira linzake. Adazi anayeza kawiri, anayerekeza ndi mizere ya masabata asanu apitawo, yonse inali chimodzimodzi.

"Zitatuzi tapambana," anatero. "Ziwirizi zikuoneka kuti zafika pamene zifike. Madokotala a opaleshoni akhoza kuziona, koma sindikulonjezani kanthu."

Chipeso atawerama kuti amange nsapato, ndinakokera Adazi pambali. Ndinafunsa motsitsa mawu kuti, tikanabwera masabata asanu ndi awiri aja, zikanatha bwanji.

"Sindingalumbire, agogo," anatero. "Koma ndaonapo manja oipa kuposa ili atabwerera onse."

Nsapato imodzi imamangidwa mphindi zingati? Iye anali akadawerama. Anamva, ndikudziwa. Sanaitchulepo nkhaniyo mpaka lero, ndipo kusatchulako kumandilemera kuposa akanandilalatira.

Amene simuluka mwina mungati zala ziwiri zazing'ono n'zachabe. Inenso ndinkaganiza choncho. Poluka, zala zitatu zimayendetsa tsitsi, koma ziwiri zazing'onozo ndi zimene zimapanira chingwe chodikira kuti chisathawe. Popanda izo timizere tating'ono timapulumuka, ndipo timizere tating'ono ndi timene tinkaimitsa anthu pamsewu. Mizere ikuluikulu amaluka, yowongoka ndithu, koma pang'onopang'ono, ndipo ola likatha dzanja limatupa. Mayi wa kubanki anasamukira kwa mtsikana watsopano. Ena awiri atatu anayesa kamodzi, mwaulemu, osabweranso.

Pamsewu pano pakuyenda mawu oti Chipeso anachita ulesi ndi mafizo, kuti ankaopa ululu. Amene akunena zimenezo abwere adzanene pamaso panga. Mwana ameneyu analuma pilo mpaka kung'ambika, ndipo ndi yekha amene anatsegula chitseko. Amene anasoka kathumba, amene ananama, amene ankati mawa, ndi ine. N'chifukwa chake ndalemba izi, kuti wofuna kuloza chala adziwe koloza.

Madamu sanamutaye. Anamupatsa sinki. Amatsuka mitu, kumasula maluko akale, kupaka mankhwala, ndipo Loweruka amaluka ana aang'ono amene amayi awo akufuna mizere inayi yokha ya kusukulu. Amagwira ntchito atayang'ana kukhoma, pakona ija, saluni yonse ili kumsana kwake. Amati madzi ofunda a pa sinki amafewetsa dzanja, ndiye si zoipa. Ndipo ndinene, palibe amatsuka mutu ngati iye: amayi amagona tulo khosi lili pa sinki. Pakamwa pabwerera pang'ono. Mtsikana watsopano akasochera pakati pa mutu amapita kukamunong'oneza, ndipo Chipeso osatembenuka amati, "Wayambira kumanja, bwerera. Gawa pakati kaye." Mtsikanayo amabwerera kumpando wapakhomo, ndipo odutsa amaima kumuonera.

Akaweruka amadutsa msewu, kulowa m'kanjira, kukhala patebulo. Dzulo anakoka beseni n'kuliika patsogolo pake, anatulutsa kachipangizo kaja m'thumba, anatambasula zala ziwiri zija.

"Agogo, madzi."

"Adazi anati zafika pamene zifike, mwana wanga."

"Ndinamva. Madzi."

Ndinaika ketulo pamoto. Madzi atafunda ndinathira m'beseni, ndinayesa ndi chigongono, ndinatenga mpando wanga n'kutuluka.